Pangano la Ochapa Zovala

"Wina akayankha funso lero, ameneyo ndi mfiti," anatero Wailesi uku akupinda nsalu za pabedi. Dzinali anam'patsa ndi anzake chifukwa mphekesera iliyonse ya pahotelapo inkayambira pakamwa pake.

Ochapa zovala onse anavomera. Abwana anali atawabweretsera mphunzitsi, mtsikana wovala magalasi, kuti aziwaphunzitsa masamu ndi kuwerenga pa nthawi yopuma masana. Chifukwa chake palibe anawauza. Wailesi ndiye anatseka mpatawo: akuti kukubwera makina atsopano, ndipo amene aoneke mbuli m'kalasi achotsedwa ntchito. Choncho anapangana kuti onse asanduke mbuli, poti abwana sakanathamangitsa chipinda chonse.

Amake Mapasa ndiwo ankaonda nayo nkhaniyi. Sukulu anaisiya ali aang'ono, ndipo ntchito yochapayi ndi imene inkadyetsa ana awo. Koma ankamumveranso chisoni mtsikanayo, amene ankabwera ndi choko chake n'kumalankhula ndi makoma.

Tsikulo mphunzitsi anatsamiritsa bolodi pa makina oumitsira zovala. "Theka la lita ndi mamililita angati?"

Zii. Kunkangomveka madzi akudontha pampopi. Mkulu wosita zovala anayamba kuyang'anitsitsa zikhadabo zake ngati waziona koyamba.

"Inu amayi?"

"M'mutu mwangamu muli thovu lokhalokha, aphunzitsi," anayankha Amake Mapasa, maso ali pansi.

Mtsikanayo anaika choko pansi. "Makolo anga, ndakulakwirani chiyani? Ngati sindikutha kuphunzitsa ndiuzeni, abwana apeze wina."

Apa Amake Mapasa analephera kupirira. Wailesi anawatsina pantchafu, iwo n'kukankha dzanjalo.

"Ndisiye iwe, safunsa anadya phula. Mwana wanga, tiuze zoona. Mayina a olephera ukawapereka liti?"

"Mayina ati?"

"A ochotsedwa ntchito."

Mphunzitsi anavula magalasi n'kuwayang'ana mmodzimmodzi, kukamwa kuli yasa. "Ndiye n'chifukwa chake? Palibe akuchotsedwa ayi! Amayi, tandionetsani manja anu."

Amake Mapasa anawatambasula mwamanyazi. Anali ofiira, osupuka m'mipata ya zala.

"Mankhwala oyeretsera nsalu aja mumathira mongoyerekeza, chifukwa malangizo a pachigubu analembedwa m'mamililita. Ndi amene akukudyani manjawa. Tikamaliza maphunziro athu, aliyense azitha kuwerenga chigubu, kuyeza yekha mankhwala, ndi kuyendetsa makina atsopanowo. Makinawo akubweradi, koma owayendetsa ndinu."

Amake Mapasa anapumira m'mwamba. Chimwala chimene chinali pamtima pawo chinachoka, ndipo anafuna kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Nanga osanena tsiku loyamba bwanji?" anafunsa mkulu wosita uja. "Ife si ana oti mungotiuza kuti tsegulani buku. Munthu wamkulu sakwera basi asanafunse kumene ikupita."

"Ndinkayesa kuti abwana anakuuzani."

"Iwonso akuyesa kuti inu munatiuza. Pakati panu pakatsala mpata, Wailesi amalowapo."

"Ine ndinangomva!" anadziteteza Wailesi.

"Mabatire ako atha, mlongo wanga, ukungogwira mphepo," anatero mkulu wosita uja.

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Mphunzitsi naye anaseka, akupukuta m'maso. Anafufuta bolodi lonse n'kulemba pamwamba zimene anali atanena zija, kenako anafunsa ngati pali china chimene iwo eni akufuna kudziwa. Mkulu wosita anati timapepala ta m'kolala timam'zunguza mutu, ndipo anawotchapo malaya a mlendo. Nazonso zinakwera pabolodi.

"Chabwino, tibwerere pomwe paja. Theka la lita?"

Mkono woyamba kukwera unali wa Wailesi.

"Mfiti ija ndi iyi!" anakuwa wina, kuseka n'kuyambiranso.

Koma Amake Mapasa anadzuka, n'kukatenga chigubu cha mankhwala pakona. Anachiika patsogolo pa bolodi, n'kukokera mpando wawo pafupi.

"Anzangawa ankanamizira umbuli," anatero. "Ine sindinkanamizira ayi, aphunzitsi. Sindidziwadi. Muyambire pa ine."