Malo Amene Shandia Analemba pa Mapu

Bambo Hezron Moxey anazimitsa injini asanafike n'komwe. Pamalo pamene kwa zaka makumi anayi ankapezapo madzi okhaokha, m'mawa umenewo panali maboti asanu ndi awiri, ndipo anthu ankakoka nsomba ngati akuzula mtedza.

"Madala, mwachedwatu!" anakuwa Cleophas Deveaux, mnansi wawo, atanyamula nsomba yonenepa ya mtundu wa sinapa, mazira akuchucha pamimba. "Zaka zonsezi kumatinamiza kuti mumalowera kum'mwera? Umbombo umenewu mukalape Lamlungu!"

Shandia, mwana wa Bambo Moxey, amene anakhala kutsogolo kwa boti, anangoti zyoli.

Apa ndi pamene sinapa zinkasonkhana kudzaswana chaka chilichonse, mwezi ukakhwima m'Meyi. Panyanja palibe chikwangwani, munthu amapeza malo poyang'ana kumtunda. Nsanja ya tchalitchi ilunjikane ndi mtengo wautali wa kokonati, thanki ya madzi ibisale kuseri kwa thanthwe, basi wafika. Zizindikiro zotere pachilumba pathu sauza mlamu, sauza ngakhale abusa. Bambo Moxey anazilandira kwa bambo awo pamodzi ndi lamulo lake: nsomba khumi ndi ziwiri, kenako kweza nangula uzipita. Maso awo atayamba kuchita chifunga, anauza Shandia kuti aziwaonera.

Anabwerera osaponya mbedza ngakhale imodzi. Atakokera boti pamchenga m'pamene Bambo Moxey anayankhula.

"Wauza ndani?"

"Sindinauze msodzi aliyense, bambo."

"Sindinafunse za msodzi ine."

Shandia anali atangobwera kumene kuchokera ku Nassau, komwe anakhala miyezi itatu akuphunzira kasamalidwe ka nsomba za m'mphepete mwa nyanja. Tsiku limene ankapita, bambo ake anamunyamulira okha chikwama mpaka kudoko, akuuza aliyense kuti mwana wawo akupita kukaphunzira.

"Aphunzitsi anayala mapu," anatero Shandia mwapansipansi. "Anati aliyense alembe pamene nsomba zimaswanirana kwawo kuti boma lidzatsekepo. Anzanga onse analemba. Ine ndikanangokhala duu, ngati si mwana wa msodzi?"

"Ndiye atseka?"

"Mapepala akadali mu ofesi. Koma wina anajambula mapuwo pafoni."

Mapepala a m'maofesi amadikira sitima ya Lachinayi, ikawasiya amadikira ina. Chithunzi cha pafoni sichidikira kanthu.

Kwa masiku atatu doko linadzaza nsomba. Madzi oundana anatha, mchere unatha, zina zinayamba kununkha pamatabwa pomwepo. Shandia ankayenda boti ndi boti atatenga kope lake ndi choyezera monga anamuphunzitsira, akupempha kuti zamazira azibweza m'madzi.

"Aphunzitsi, tayezaninso iyi!" Cleophas ankatero, anthu n'kumafa nacho chiseko. "Inu nomwe mwatisonyeza khomo, lero muziti tisalowe?"

Tsiku lachinayi maboti anabwerako ndi nsomba zosakwana ndowa ziwiri. Palibe anaseka.

Shandia anapeza bambo ake pansi pa mtengo akupala ndere kunsi kwa boti. Mtima unkamuwawa kwambiri, moti zimene anakonza kunena zinamuthawa, n'kungoyamba ndi zimene zinkamusowetsa mtendere. Ankadziwa kuti pali malo ena achiwiri, amene bambo ake ankapitako okha m'Juni maso akadali bwino.

"Ndalakwa, bambo. Koma malo enawo tisawataye. Ndiuzeni, ndipita ndekha ku Nassau, sindichoka pakhomo la ofesi mpaka atseke."

Bambo Moxey anapitiriza kupala.

"Atsekedwa kale."

"Watseka ndani?"

"Ineyo. Maso angawa saonanso nsanja, saona thanthwe. Ndekha sindingakafikeko, ndipo wondionera ndilibe."

"Ndilipo ine, bambo."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, mopanda ukali, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka koposa.

"Iwe ulipo, mwanangu. Tagwira uko, titembenuze botili."

Analigwira awiriwo n'kulivundikira pamchenga. Juni anafika, mwezi unakhwima, boti lili chivundikirire. Kalata yotseka malo oyamba aja inabwera pa sitima ya mu Ogasiti, ndipo Shandia anakaikhoma yekha padoko. Za malo achiwiri sanafunsenso, ndipo bambo ake sanamuuze.