Nyumba ya Bambo Anga Ili ndi Mwini Wina

Ndinkapala nsomba kuseri kwa nyumba Lachinayi m'mawa pamene a Dogbatse, loya wathu, analowa pageti. Ndi bambo wodekha, timapemphera limodzi kuno ku Ho. Tsiku limenelo anakana mpando.

"Mayi Enyonam, a Afiyo agona masiku awiri pakhonde la tchalitchi. Akuti munawatulutsa ndinu."

Mpeni unagwera pansi.

Zinali zoona, ngakhale mumtima sindinkazitchula choncho. Bambo anga atamwalira, ndinapereka nyumba yawo kuti akazi amasiye aziphunziramo kusoka. A Dogbatse analembetsa bungwe lathu m'kaundula wa boma, ine ndinasaina mapepala, tinaimba nyimbo. A Afiyo, mayi wamasiye wochokera ku Kpando, ankagona m'chipinda chakumbuyo n'kumayang'anira makina. Kenako mlongo wanga Selorm anabwera kuchokera ku Lomé ntchito itamuthera, mkazi wake ali woyembekezera. Ndinauza a Afiyo kuti apeze kaye kwina. Anangoti, "Chabwino, mayi." Ndinkayesa ali ndi abale. Sindinafunse.

"Koma ndi nyumba ya bambo anga," ndinatero.

"Inali ya bambo anu. Mayi, munthu akapereka mbuzi kutchalitchi sabwerera kukadula mwendo chifukwa kwake kwafika alendo."

"Bungwelo ndinaliyambitsa ndine."

"Munalibereka, inde. Koma tsiku lomwe linalowa m'kaundula, pamaso pa malamulo linasanduka munthu payekha. Lili ndi dzina lake, katundu wake, likhoza kukusumirani inuyo kukhoti. M'komiti tilimo asanu, ndipo povota mumakweza dzanja limodzi ngati tonsefe. Pepala lomwe munasaina likuti nyumbayo ndi yothandizira akazi amasiye. Kodi Selorm ndi mkazi wamasiye?"

Sindinaseke. Iwo anatola mpeni, kuutsuka m'beseni n'kundipatsa chakuchigwiriro. Anati komiti ikumana madzulo, ndipo malamulo a bungwe amalola kuchotsa membala amene wagwiritsa ntchito katundu wake pothandiza abale.

Madzulo, panjira yopita kumsonkhanowo, ndinayesa kupemphera, mawu anandithera pa "Ambuye".

Tinakumana m'chipinda chosokeramo, makina atafunditsidwa nsalu. A Afiyo anakhala pakona, chikwama chili pamiyendo. Mayi Sedzro a m'komiti, omwe sasunga mawu m'kamwa, anandilandira.

"Afika eni nyumba! Tiziwapempha chilolezo tisanakhale pansi?"

Selorm analinso pomwepo, wosaitanidwa. Anaika makiyi patebulo osandiyang'ana.

"Achemwali, munati chipindacho chimangokhala. Tinachipeza chosesedwa, ndowa ziwiri zodzadza madzi, ndi masamba onunkhira a katsabola pawindo oti mlamu wanu azimwera tiyi akamamva nseru. Ndimayesa mwachita ndinu."

Sindinachite ndine. Munthu amene ndinamuthamangitsa anayamba watungira madzi omulanda malo, kenako n'kunyamula chikwama chake. Ndinayang'ana pansi. Simenti yake inali yomweyo imene ndinkakolopa ndili mtsikana, ndipo mwina n'chifukwa chake siginecha yanga sinafike pamtima. Zaka zisanu ndi chimodzi anthu akhala akundiyamika kuti ndinapereka nyumba, chonsecho ndinali ndikuigwirabe.

A Dogbatse anawerenga ndime ya malamulo mosakweza mawu. Komiti inagwirizana kuti a Afiyo abwerere m'chipinda mwawo tsiku lomwelo. Mayi Sedzro anati akhoza kusunga Selorm ndi mkazi wake kunyumba kwawo mwezi umodzi, "bola asalize mkonono." Inatsala nkhani ya ine, yoti ndichotsedwe kapena ayi.

A Afiyo anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Ine si wa m'komiti, koma musawachotse. Anaona m'bale wawo akuvutika, maso anathera pomwepo. Komanso pakhonde paja sipazizira kwenikweni."

Akanandikalipira, ndikanapirira. Izi zinandilemera. Ine ndine munthu wa mawu ochepa, zolakwa zanga ndimauza Mulungu yekha. Koma ndinaima, ndinapita pakona pomwe anakhala, n'kuika dzanja lamanja m'chikhatho cha lamanzere monga timachitira popepesa.

"A komiti, votani mmene mukuonera, sinditsutsa. A Afiyo, ndinakutulutsani m'nyumba yomwe si yanga, ndipo sindinafunse n'komwe kumene mukagone. Ndinalakwa. Chonde, ndikhululukireni."