Chotupa cha Achimwene Anga

"Mawa akwera lole, basi," anatero amalume athu a Esau. "Munthu wa ku Phalombe safera pa esiteti ya eni ake."

"Akufa ndani?" anafunsa alamu anga a Jacinta. "Adokotala ku tawuni anatapa kanyama ndi singano n'kukayeza. Akuti chotupa cha m'chiwindicho si khansa. N'kutupa chabe, poti thupi lafooka ndi kachilombo. Akamamwa mankhwala chikhoza kuphwa."

"Nanga kachilomboko kaphwanso?"



Achimwene anga a Efulemu, amene ankakambidwawo, anali gone pamphasa pakati pa awiriwo, dzanja lili kumanja kwa mimba. Palibe ankawafunsa kanthu. Kwathu wodwala akangotheratu amamunyamula akadapuma, kuti akatsirizikire pakati pa abale. Amalume anabwerera zimenezo kuno ku Mitundu.

Ine miyendo inkangondiyabwa. Ndinkalowa, kutuluka, kulowanso. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo achimwene akanapita, inenso ndikanapita kukawadwazika. Nanga Gilibati wanga, kondakitala wa minibasi uja womwetulira ngati dzuwa la m'mawa? Anali atalonjeza kukandionetsa kwa azichemwali ake ku Nathenje. Ndinkaziona kale: ine m'diresi yachikasu, fumbi likutitsatira m'mbuyo.

"Amalume," ndinalowerera, "masiku ano ndi matipate. Munthu amasankha yekha."

"Iwe Tiyanjane, tseka pakamwa. Ndani sakudziwa kuti mtima wako uli pa chitseko cha minibasi?"

Koma si ine ndinanyamula chikwama tsiku lomwe anawaunika achimwene m'mimba? Si ine ndinaona kamthunzi ka chotupacho pa kanema, adokotala akuloza ndi cholembera?

"Kumudzi mankhwala akatha akawapeza kuti?" alamu anayambiranso. "Nanga kukaunikidwanso?"

"Inu ndinu mkazi chabe. Mwini mbumba ndine."

Mphasa inalira. Achimwene anadzuka pang'onopang'ono, n'kutsamira khoma. Thukuta linali mbwee pachipumi.

"Amalume, ndamva."

"Eya, auzeni anthuwa."

"Kufa ndidzafa, kachilomboka sindikakana. Koma kumudzi mukanditsekera m'nyumba, anthu n'kumabwera kudzandilira ine ndili maso. Ichi cha m'chiwindi akuti n'chochizika. Ndikufuna nditsale, ndimalize mankhwala anga, andiunikenso ndichione ndekha chitachepa. Loleyo mukwere nokha."