Thumba Lakuda m'Shapa ya ku Lulimile

A Damião sankakwera shapa, maminibasi a kuno. Zaka zonse zimene anagwira ulonda pasitolo ina m'tauni ya Lichinga ankayenda wapansi, ati m'shapa mumadzaza anthu a zala zazitali. Koma tsiku limeneli miyendo inakana. Ankachokera kuchipatala, kumene anawauza kuti chikhodzodzo chawo chatopa, sichigwiranso mkodzo, ndipo namwino anawapatsa matewera a anthu akuluakulu. A Damião anawaika m'thumba lakuda la pulasitiki n'kumanga mfundo ziwiri. Sankafuna kuti munthu aliyense adziwe, ngakhale akazi awo.

Shapa ya ku Lulimile inali yodzaza, choncho anaima chowerama pafupi ndi chitseko. M'shapa za kuno, wokhala pampando amalandira katundu wa woimirira n'kuika pamiyendo, osafunsa n'komwe, kaya ndi mwana kaya ndi nkhuku. A Damião zimenezi sankazidziwa. Atangomva thumba likukokedwa, anakuwa.

"Wakuba!"

Kobradoro, wotolera ndalama m'shapamo, anamenya denga, galimoto n'kuima. Wokoka thumbayo anali bambo wovala kofia yoyera. Asanayankhule, amuna awiri a kumbuyo anali atamugwira kale pakhosi. Mbama inalira, kofia n'kugwa.

"Ndimawanyamulira," anatero bamboyo. "Wakuba uti amakhala phee pampando, katundu ali pamiyendo?"

"Awa ndi che Cassimo a ku Meponda, amagulitsa usipa pamsika," anatero mayi wina wa beseni la mbatata. "Madala, muli chiyani m'thumbamo? Masulani tione."

"Musatsegule," anatero a Damião, akulanda thumba lawo.

"Ndiye kuti muli ndalama," anatero mmodzi wa amuna aja. "Anazinunkhiza uyu. Mutsitseni, tikambirane naye panja."

A Damião ankadziwa kukambirana kwa panja. Anaonapo munthu akugendedwa ndi njerwa kuseri kwa msika mpaka kusiya kupuma. Apa n'kuti anthu a m'mbali mwa msewu atayamba kale kusonkhana.

"Mwina ndalakwitsa," ananena chapansipansi.

"Musamuope, madala, tilipo ife," anatero mwamuna uja.

Phazi lina la Cassimo linali litaponda kale pansi. Mfundo zinakana kumasuka, choncho a Damião anang'amba pulasitiki ndi mano. Matewera anamwazikira pamiyendo ya anthu, oyera mbee, lina n'kugwera m'beseni la mbatata lija.

Kumbuyo wina anayamba kuseka n'kusandutsa chifuwa. Amuna aja anamusiya Cassimo n'kumayang'ana pawindo ngati si iwo.

Cassimo anatola kofia yake, n'kupukuta magazi pamlomo ndi mkono wa malaya. Kenako anatolera matewera aja limodzilimodzi, n'kuwasanja bwino.

"Bambo anga nawonso ankavala omwewa," anatero, osawayang'ana kumaso. "Mukanangoti ayi, ndikanasiya. Eni, nyamulani nokha."

A Damião analandira. Thumba linali litang'ambika, ndiye anawalowetsa mkati mwa jekete n'kutsika.

"Ku Lulimile sitinafike, madala," anatero kobradoro.

Iwo sanacheuke. Anadutsa pakati pa anthu amene anabwera kudzaonerera wakuba, atagwira jekete pachifuwa, ndipo shapa itawapitirira ndi fumbi lake lofiira m'pamene anakumbukira kuti sananene pepani.