Masamba Makumi Asanu a Mlonda

Mayeso oyeserera anali atangoyamba pamene laputopu ya Mlonda inaima njii. Dzina la Mlonda anamupatsa ndi mwamuna wake, poti chibadwire mwana wawo, maso ake sachoka pa mwanayo. Akagona nthawi yaitali, amakamuika chala pamphuno. Tsopano masowo anali pa kawilo kozungulira pagalasi, mphindi zikutha. Kenako makinawo anazima okha n'kuyamba kuika zatsopano zimene iye ankazikana kwa miyezi itatu. Mmene ankayakanso, nthawi inali itatha.

Linali Lolemba. Mayeso enieni a uphunzitsi wa sukulu ya mkaka anali Lachisanu, pa intaneti, ola limodzi basi. Akalephera, ndiye kudikira chaka china.

“Zazing'ono izi, mlamu,” anatero mchimwene wa mwamuna wake atabwera masana. “Mukaona uthenga woti kompyuta yanu ikudwala, dinani pomwepo. Mankhwala aulere amenewo. Ikakanika, kambama pang'ono m'mbalimu. Yanga imamva mbama.”

“Yanu ija mumayatsa lero n'kudzayaka mawa?” anafunsa Mlonda.

Anaseka onse, koma mlamu atapita mantha anamukulira, ndipo uthengawo utaonekera pagalasi, Mlonda anadina. Pagalasi panadzaza otsatsa malonda: nsapato, mawotchi, mankhwala ochepetsa mimba. Akatseka mmodzi, ankatuluka awiri.

Lachiwiri m'mawa anabereka mwana, laputopu m'chikwama, ulendo kwa mayi wokonza makompyuta, m'kachipinda kopanikizana pakati pa telala ndi wometa tsitsi.

“Mumaiika pati mukamawerenga?” anafunsa mayiyo.

“Pabedi, pabulangeti. Patebulo mwana amakoka waya.”

“Mukamaliza mumazimitsa?”

“Ayi. Ndimangoipinda n'kuifunditsa. Ndimaopa masamba anga a pa intaneti angasowe.”

Wokonzayo anatsegula brawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti ija, n'kugwira pakamwa. Masamba otsegula analipo makumi asanu. Anayamba kuwerenga mokweza: “Zidzolo pakhosi la khanda. Mwana akamamera mano. Chimbudzi chobiriwira... Mayi, wodwalayo ndi uyu akundiseka kumsanayu?”

“Chobiriwiracho chinatha kalekale,” anayankha Mlonda, nkhope pansi. “Koma bwanji chikadzabweranso?”

“Chikadzabweranso mudzapite kwa namwino. Tsamba lililonse lotsegula, makinawa amalibereka kumsana. Inu mmodzi yemweyu wakutopetsani. Nanga makumi asanu?”

Anatambasula dzanja kuti ayambe, koma Mlonda anakokera laputopuyo kwa iye. “Ayi, achemwali. Lachisanu simudzakhalapo. Ndiuzeni, ndichite ndekha.”

Anachitadi yekha. Masamba ofunika anawasunga podina kanyenyezi, ndipo atatseka limodzi n'kulipezanso pamndandanda, anapumira m'mwamba. Anafufuta zotsalira zimene brawuza imaunjika. Anachotsa pulogalamu yonama imene inalowa atadina uthenga wa mlamu uja, n'kulamula yeniyeni yoteteza kompyuta kuti ifufuze paliponse. Zolemba za kusukulu anazikopera pa fulashi. Kenako anazimitsa makinawo, n'kupukuta timabowo totulukira mpweya ndi kaburashi kofewa. Munatuluka ubweya wa bulangeti ndi paudala wa mwana.

“Inkapuma bwanji?” anafunsa wokonzayo. “Muziiika pamalo olimba, waya kuseri kwa tebulo. Ndipo ikapempha kuika zatsopano, muziilola tsiku lomwe mwasankha inuyo. Mukamangoti mawa, idzasankha yokha, ndipo mwaona kale mmene imasankhira.”

Mlonda analemba zonse kumapeto kwa kope lake, pansi pa masiku a katemera. Lachinayi anailola kumaliza zonse, n'kuizimitsa.

Lachisanu tebulo linali litakankhidwira kukhoma, mwana ali kuchipinda ndi bambo ake. Pagalasi panali tsamba limodzi lokha. Makinawo anali zii, mafunso akubwera msangamsanga. Pa funso la khumi ndi chiwiri, mwana anayetsemula kawiri. Dzanja la Mlonda linapita lokha kukatsegula tsamba latsopano.

“Wangoyetsemula chabe, a Mlonda!” anakuwa mwamuna wake. “Londerani mayesowo!”

Analibweza dzanja lija. Anamaliza kutatsala mphindi zisanu ndi zinayi, uthenga n'kubwera wakuti mayankho alandiridwa. Anatseka tsambalo, anazimitsa laputopu, kenako anathamangira kuchipinda kukagwira mwana pachipumi. Sanali kutentha. Pobwerera anagwiranso laputopu kunsi. Nayonso sinali kutentha.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse akamaliza kuwenga zikhadabo za mwana, amatenga kaburashi kaja.

Phunziro: Kompyuta imafuna chisamaliro chapafupipafupi, osati mbama. Tsekani masamba osafunika, fufutani zotsalira, iloleni kuika zatsopano, ichotseni fumbi, izimitseni, ndipo sungani zolemba zanu pena. Uthenga wokuopsezani kuti mudine msanga, musaudine. Chitani izi lisanafike tsiku limene simungathe kudikira.