Phiri la Mayi Tabitha

Nthawi imene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, Zikhale sankasowa ntchito. Anali wolemba zikwangwani, ndipo kashedi kake kanali kuseri kwa masitolo a ku Area 2. Tsiku lonse ankalemba maina a magolosale ndi manambala a nyumba zatsopano, koma mtima wake unali pojambula zithunzi. Wabutchala wina mpaka anabweza chikwangwani chake, ati ng'ombe yojambulidwapo inali ndi maso achisoni moti anthu ankadutsa osagula nyama.

Tsiku lina anamuitana ku Area 47 kukalemba nambala pageti la a Orton Msiska, a ku Rumphi, ogwira ntchito m'boma amene anali atangofika kumene kuchokera ku Zomba. Akazi awo, Mayi Tabitha, anamudandaulira kuti Lilongwe ndi fumbi lokhalokha, maso alibe pokodwa, ndipo analisowa phiri la Zomba lija. Zikhale analonjeza kuwajambulira pathabwa lalikulu. Sanawauze kuti ku Zomba sanapondeko chibadwire.

Anayamba ntchitoyo akuimba mluzu, zikwangwani za eni masitolo n'kumangounjikana. Aliyense wobwera kudzalondola chake, Efelo, mkazi wa Zikhale, ankamuuza kuti bambo akwera phiri, sakudziwa tsiku lotsika.

Chithunzi chitatha, Zikhale anachimanga panjinga n'kukachipereka. Mayi Tabitha anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, ili si phiri la Bunda, lija timaliona popita ku Mitundu?"

"Ndi lomwelo, mayi," anayankha akukanda m'mutu. "Ndakulira m'tsinde mwake. Koma ndawonjezera mitengo."

A Msiska anaseka mpaka kuvula magalasi, nati ngati boma lasamuka, phiri nalo lili ndi ufulu wosintha nkhope. Anachikoloweka pabalaza.

Anzawo a ku ofesi atachiona, aliyense anafuna la kwawo: wina Mulanje, wina Nyika. Zikhale ankafunsa bwinobwino maonekedwe ake, akugwedeza mutu, koma onse ankatuluka ndi msana wa Bunda. Palibe anabweza.

Efelo ndiye anaona kuti a mapiriwa amayamikira kwambiri kuposa mmene amapisira m'thumba. Anakhazikitsa lamulo: m'mawa zikwangwani, mapiri dzuwa likapendeka. Penti wobiriwira ankamutsekera m'kabati, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje.

Zikhale anamvera. Kungoti kuyambira pamenepo, dzuwa la ku Area 2 linayamba kupendeka msanga kuposa kwina kulikonse mu Lilongwe.