Mfuti ya Tusekile

A Frackson Chimkwita sanabadwe ndi pakamwa poyamikira. Ku kalabu ya owombera mfuti za gogodela, kunja kwa mzinda wa Perth, azungu ankawabweretsera mfuti zosula pamanja kuti aziyese, ndipo ambiri ankabwerera nkhope zili zyoli. Iwo ankatsinzina, n'kuikweza mfutiyo patsaya, kenako n'kutsegula maso. Diso likapanda kugwera pamzere wochalira, basi, mlandu watha. Ikapulumuka pamenepo, ankayendetsa chikhadabo pomwe chitsulo chakumana ndi thabwa, ndipo chikangokola, mwini mfutiyo ankamva mawu oti sadzawaiwala. Diso limeneli analitengera kwa bambo awo ku Ntchisi, amene ankasula gogodela ndi paipi ya chiwongolero cha galimoto. Ntchito yodyera inali yaufitala, yokonza makina, ku mgodi wa kumpoto, kopita pandege, koma ulemu wawo unali pakalabupo.

Mliri wa korona utafika, malire a chigawo anatsekedwa, ndipo amene anavutika ndi a Paterson, mzungu wokalamba wosula mfuti ku Kewdale, kuseri kwa madepoti a matiraki. Manja anali atayamba kunjenjemera, maso nawonso akuchita nkhungu. Mmisiri wa ku Adelaide amene ankafuna kudzawalowa m'malo anatsekeredwa kwawo komweko. Nthawi yomweyo Tusekile, mwana wamkazi wa a Frackson, amene ankaphunzira uinjiniya ku Bentley, anatopa ndi maphunziro a pakompyuta, n'kuyamba kupita kwa a Paterson kukagwira tupa. Anagwira tupa, anagwira tchizulo, mapeto ake anasula mfuti yathunthu pa laisensi ya nkhalambayo.

A Paterson analankhula mosabisa. Mfutiyo ikakhala yabwino, benchi yawo yosulira ndi ya Tusekile. Ikapanda kutero, adikira malire atsegulidwe, abwere wa ku Adelaide. Ndipo poti maso awo sankawakhulupiriranso, anasankha kuti woyesa akhale a Frackson, munthu amene sanamumvepo akunamizira mfuti.

Tsiku loyesa litakwana, Tusekile anafunyulula bulangete lokulunga mfutiyo pabenchi. Thabwa lake linali la mtengo wa jara, lofiira, losalala mpaka kuwala. A Frackson anatsinzina n'kuikweza. Inakhala patsaya yokha, osaikakamiza, ndipo potsegula maso anapeza mzere uli nji! Chikhadabo chinayenda kuchokera kukamwa kwa mpope mpaka kuchitako osakola paliponse. Anamasula mpopewo kuti aone kunsi, kumene amisiri aulesi amabisako manyazi awo. Kunali koyera ngati kunja komwe. Ananyada kunyada kumene sanakumvepo chifikireni m'dziko lino.

"Tandiuze, Frackson," anatero a Paterson m'Chingerezi.

"Aa, zachibwana izi," anayankha a Frackson akumwetulira kuseri kwa masiki. "Wayesetsa, koma mwana ndi mwana. Muzingomupirira."

Pamenepa ndiye pokwiyitsa. Kukanakhala ku Ntchisi, aliyense akanamva kuti bambo uyu wafa nacho chimwemwe, chifukwa kholo la ulemu silitama mwana wake pagulu. Limamuchepetsa, kuti alendo ndiwo atsutse, amukweze. A Frackson anadikira kutsutsidwa. A Paterson anangogwedeza mutu mwachisoni, n'kunena kuti amva. Tusekile anakulunga mfuti yake osayang'ana munthu, ndipo bambo ake anapita kwawo ku Mirrabooka akuimba likhweru.

Anapeza kunyumba kuli zii. Mai Lusekelo, akazi awo, anali atangoweruka kuchipatala, zingwe za masiki zitawasiyira mizere m'masaya. Anawalandira pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Tuse, mwamulankhula chiyani mwana? Wadzitsekera kuchipinda. Akuti kwa a Paterson sapondakonso."

"Ine? Si ndangolankhula mwaulemu?"

"Ulemu wa kuti? Mwana uyu wakulira ku Ntchisi? Anabwera kuno asanaguluke ndi dzino lomwe. Mukati zachibwana, iye amamva kuti zachibwana. Mzungu uja naye chimodzimodzi."

"Komatu ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika," anadziteteza a Frackson.

"Yosalira anthu amaikhalira ngati mpando. Imbani foni."

Anaimbira a Paterson. Anafotokoza za mwambo wa kwawo, kuti mawu aja sanali otero. A Paterson anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Masana unalankhula ngati woyesa mfuti. Tsopano mwana walira, ukulankhula ngati bambo. Ndikhulupirire uti?" Fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Frackson anangopempha chinthu chimodzi, kuti Loweruka nkhalambayo ibwere nayo mfutiyo kukalabu.

Loweruka kunatentha, mphepo ikununkha utsi wa onga. Anthu anaima motalikirana monga mwa malamulo a masiku amenewo, aliyense ndi masiki yake. Tusekile anabwera chifukwa amayi ake anachita kumukoka, ndipo anaima kumbuyo atapinda manja. A Frackson anaika mfuti ija patebulo, pakati pa zina za amisiri odziwika, n'kuitana aliyense kuti asendere. Munthu amene sankaopa kunyoza mfuti ya wina aliyense anali akutuluka thukuta chifukwa choti ayamikire.

Anayatsa kandulo, n'kuyendetsa mpope pamwamba pa lawi mpaka kunsi konse kutada ndi mwaye. Anaubwezera m'thabwa, anakanikiza, n'kuutulutsanso. Mmisiri wamba akatero, mwaye umadinda mwa apo ndi apo, kusonyeza kuti chitsulo chikulendewera. Apa unadinda ngalande yonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Anakweza thabwalo kuti onse aone, ndipo wina anaimba mluzu wodabwa. Anawapatsa mmodzimmodzi kuti ayendetse chikhadabo, apeze pokola ngati alipo. Palibe anapapeza. Kenako anaimanga, anathira onga, anatsindira chipolopolo ndi ndodo, n'kuwombera. Utsi utapita, bowo linali pakati pa chandamale. Anawomberanso, bowo lachiwiri linadya m'mphepete mwa loyamba.

Ndiye inafika nthawi ya mawu. A Frackson anang'ung'udza zinazake kuseri kwa nsalu.

"Sindikumva," anatero a Paterson, dzanja lili kukhutu. Kaya sanamvedi kaya anachita dala, akudziwa ndi iwowo.

A Frackson anabwerera m'mbuyo kuti atalikire anthu, anavula masiki, n'kukweza mawu ngati akulalikira pamsika.

"Ndagwira mfuti zambiri pano, ndipo nonse mukudziwa kuti sindinayamikirepo ndi imodzi yomwe. Iyi yaposa zonse. Yaposa za a Paterson ali apawa, andikhululukire. Yaposa za bambo anga ondibala. Amene waisula ndi Tusekile Chimkwita, mwana wanga, ndipo ndikunyada naye kwambiri. Tsiku lija ndinanama."

Manyazi anawagwira mpaka kumakutu, koma thambo silinagwe. Anthu anaomba m'manja, ndipo Mai Lusekelo anaimba nthungululu imene inadzidzimutsa azungu onse. Koma a Frackson ndi a Frackson, sakanatha kumaliza osabaya.

"Chilema chilipo chimodzi," anawonjezera. "Chitako chapendekera kumanja kuposa muyeso."

"Si chilema chimenecho, Adadi." Tusekile anali atafika kutsogolo, akulankhula Chingerezi chake cha kuno, maso ali ofiira koma mawu osanjenjemera. "Ndinayeza patsaya la a Paterson. Khosi lawo silipindikanso, ndiye mfuti iyenera kubwera kudiso, osati diso kutsata mfuti. Inuyo inakukhalani chifukwa ndinu otambalala mapewa. Apatseni aone."

Nkhalamba ija inailandira, inatsinzina, n'kuikweza ndi manja onjenjemera aja. Itatsegula maso inapeza mzere uli nji, mfuti ili patsaya. Kenako inaitsitsa, inapisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi a ku Kewdale.

"Lolemba uzitsegula ndiwe," inatero. "Wa ku Adelaide ndimuuza ndekha."

A Frackson anaima pomwepo, munthu wogonjetsedwa pagulu ndi mwana wake, nkhope ikuwala ngati wapambana ndi iwo. Amuna awiri a pakalabupo anali atayamba kale kumufunsa Tusekile ngati angawasulire zawo. A Frackson anavalanso masiki, anapita kukaima kumbuyo kwa awiriwo, n'kudikira. Nthawi yawo itakwana anavula chipewa, ndipo analankhula Chichewa.

"Amisiri, nanenso mundisulire yanga. Kumene mwaona kuti ndapendekera, mukonze."

Tusekile anatulutsa tepi yoyezera m'thumba la ovolosi.

"Tambasulani mkono, Adadi. Osagwedezeka."

A Frackson anautambasula. Misozi inatsikira m'masiki, koma mkono sanaugwedeze mpaka mmisiri atamaliza kuyeza.